Apongozi Anga ndi Oweta Mitambo

Ine sindinafune kuyambitsa dziko lililonse. Ndinkangofuna mwana asiye kutafuna fodya.

Chinali chaka chachiwiri bambo ake ali ku Joni, foni yawo itasiya kale kugwira. Ndinatsala pakhomo pa makolo awo kuno ku Nkhamanga, cha kunjira ya ku Katowo, ine ndi kamtsikana kanga ka zaka zitatu. Kwathu ndi ku Dowa. Makolo anga anabwera kuno kudzalima fodya ngati matenanti, ndiye pamene ankabwerera ine ndinali nditakwatiwa, malowolo ataperekedwa, ndipo kuno malowolo akaperekedwa mwana ndi wa kwa bambo ake. Sanandibisire, anandiuza tsiku loyamba. Ndinazionanso ndi maso anga. Mkazi wa pakhomo loyandikana nafe, wa ku Salima, ukwati utatha anakwera pikapu yekha, ana ake awiri ataima pamsewu azakhali awo atawagwira manja. Kuchokera tsiku limenelo ine kaya ndikutunga madzi kaya ndikupeta, diso limodzi linkakhala pa mwana.

Miyezi yosankha fodya tinkalowa m'chigafa mamawa, masamba akadali ofewa ndi mame. Amayi asanu, tsiku lina asanu ndi mmodzi, miyendo tambalale, aliyense ndi mulu wake. Mwana wanga ndiye chilichonse n'cha m'kamwa. Tsiku lina ndinangotembenuka pang'ono, kumupeza masaya atatukuka, tsamba lonse lalowa. Ndinamupisa chala kukhosi, anasanza, analira, inenso ndinalira, kenako ndinamukhazika pamiyendo panga n'kumulozera kumapiri a Nyika kumene nkhungu sichoka. Ndinati ukakhala phee ndikuuza za anthu okhala kuseri kwa nkhungu ijo. Anati ali ndi chiyani? Pakamwa panga panangotuluka kuti ali ndi mitambo, amaweta mitambo ngati ng'ombe, amaikama m'mawa, mkaka wake ndiye mvulayi.

Mwana anagona. Ine ndinati zathera pomwepo.

M'mawa mwake alamu anga, achemwali awo a bambo a mwana, mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, anakhala pansi, anakoka mulu wawo, anati, "Mlamu, mitambo yako ija madzulo imalowa m'khola?"

Ndinati ndinkangonamiza mwana.

"Enya, tikudziwa. Imalowa m'khola kapena ayi?"

Ndinati imalowa. Khola lake ndi pakati pa mapiri awiri, amatseka ndi mphepo.

Ndiye ndinali nditatsegula thumba la nyerere. Anthu a kuno ng'ombe ndi moyo wawo, mafunso awo onse anali a ng'ombe. Kodi mitambo imabereka mathole? Imabereka, timitambo toyera tija timathamanga patsogolo. Nanga nkhupakupa? Nkhupakupa zake ndi akhwangwala. Amapita nayo kudibi? Utawaleza uja ndiye dibi. Nanga mabingu? Nkhunzi ziwiri zakumana pamsipu. Mayi wina wa mano awiri kutsogolo anakana, anati nkhunzi zikamamenyana mbusa amakhala kuti, ndi waulesi mbusa ameneyo, ndipo anakwiya zenizeni, anaponya tsamba labwino pamulu wa oipa. Ine ndinkayankha mofulumira ngati munthu wothawa galu, Chichewa changa cha ku Dowa ndi Chitumbuka chothyokathyoka, iwo n'kumaseka zonse ziwiri. Wina anati, "Nanga pokwatira, amalowola ndi mitambo?" Ndinati eya, yakuda, yolemera ndi mvula. Sindinaganize. Manja anali pa fodya, maso pa mwana.

Dziko lija linakula lokha. Kunabwera Mfumu Yosaphethira, imene sinkatseka maso poopa kuti mitambo ingabedwe. Kunabwera Anthu a Mchere, okhala kuchigwa chouma, nyumba zawo za mchere wokhawokha, ndiye mvula ikagwa makoma amasungunuka, n'chifukwa chake sankamvana ndi oweta mitambo. Kunabwera Nkhondo ya Matalala. Mwana wanga, mwini wake wa nkhani, anali atatopa nayo kalekale, ankasewera ndi chitsononkho pamiyendo panga. Akuluakuluwa ndiwo ankati, mlamu, dzulo unalekera pati?

Tsopano ndinene za apongozi anga aamuna. Anali aphunzitsi, anapuma, komanso ndi mkulu wa mpingo. Mwambo wa kuno, mkazi wa mwana wawo, amene amamutchula kuti mkamwana, salankhula nawo maso ndi maso. Tikakumana panjira ine ndimapatuka n'kugwada. Zaka zinayi mawu anga kwa iwo anali yewo basi. Ntchito yawo miyezi imeneyo inali kudinda mabelo pa jeke, kuseri kwa mpanda wa udzu wa chigafa, ndipo jeke ameneyo ankalira kwiii, kwiii, tsiku lonse. Ine ndine woyamba kuzindikira kuti ndikangoti "ndiye Mfumu Yosaphethira," jeke ankakhala chete. Ndinayang'ana pansi pa mpanda. Nsapato ziwiri zakuda, zopolisha, zitaloza kwathu kuno.

Ndinalekera nkhani pakati, ndinati mutu ukundipweteka.

Madzulo ake alamu anandibweretsera pepala long'ambidwa m'kope, lopindidwa kanayi. Pamwamba: Kwa mkamwana. M'munsi mwake manambala, ngati mayeso, Chichewa cha m'buku, zilembo zowongoka ngati mizere ya chimanga.

1. Mfumu Yosaphethira inabadwa kwa yani? Tchulani bambo ake ndi agogo ake.
2. Nkhondo ya Matalala inayamba chifukwa chiyani? Fotokozani.
3. Ngati madzi amasungunula nyumba za Anthu a Mchere, iwo amamwa chiyani?

Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, ndipo chimene chinandithawitsa ndi mapepala otere. Ndinawerenga kawiri. Ndinati basi zayamba. Akusonkhanitsa umboni. Apita nalo pepalali kwa akulu a mpingo, akanene kuti onani, mkazi uyu ndi wabodza, amaona anthu m'mitambo, mutu wake suli bwino, mayi wotere angalere mwana wathu? Ndinaona kale pikapu, ndinaona azakhali atagwira kadzanja. Pepalalo ndinalibisa m'chitenje, ndipo masiku awiri m'chigafa sindinatsegule pakamwa. Amayi aja anandinyengerera, anandinyoza, wa mano awiri anandipatsa mbatata yootcha. Ine duu. Kuseri jeke ankalira ngati akumupha.

Tsiku lachitatu pepala lina. Funso limodzi: Kodi mkamwana wadwala?

Ndinagwira alamu dzanja, ndinawakokera kuseri kwa nkhokwe, ndinati alamu ndiuzeni zoona, mapepalawa akupita kuti? Anandiyang'ana, anayamba kuseka, anaseka mpaka anakhala pansi.

"Iwe Mchewa iwe! Ukuti akupita kuti? Adada sakudya bwino chifukwa cha iwe. Dzulo afunsa amama ngati Anthu a Mchere amabatizidwa, poti madzi sawafuna. Dikira pano."

Anabwera ndi kope la chikuto cholimba, lija apongozi ankalembamo za mpingo kale. Analitembenuza n'kuyambira kumbuyo. Zonse zimene ndinanena zinali m'menemo, tsiku ndi tsiku. Mayina a mafumu m'mabokosi, mizere yotsika, mabokosi ena opanda kanthu akudikira ine. Patsamba lina mapu, ojambulidwa ndi rula, mapiri awiri a khola, chigwa cha Mchere, mtsinje.

Ndinati, "Mtsinjewo suli uko. Uli kuseri kwa phiri lachiwiri."

Ndinadzimva nditanena kale. Alamu anandiyang'ana ndi diso limodzi. "Ehe. Paja umangonamiza mwana."

Kuyambira pamenepo ntchito inayenda chonchi. Pepala linkabwera m'mawa. Ine ndinkayankha kwa alamu, mokweza, nkhope ili kwa alamu, ndipo alamu ankabwereza mawu omwewo kuloza kumpanda, ngakhale munthu wakuseriyo anali pafupi ndi ine kuposa iwo. Nthawi zina ankawonjezera zawo. Ndikati Anthu a Mchere amamwa mame a m'mawa ndi kabango, iwo ankati, "Akuti amamwa mame, adada, ndi tiyi pang'ono Lamulungu." Kuseri kunkamveka, "Za tiyi sananene." Pepala likabwerera linkakhala ndi chizindikiro cha bolopeni yofiira, mwakhoza, kapena pambali: Onjezerani. Ine amene aphunzitsi anga sanandipatseko mwakhoza ndi kamodzi komwe!

Mantha sanathe, anangosintha malo. Tsopano ndinkaopa kugwidwa. Ndipo ndinagwidwa. Pepala linati: Sabata yoyamba munati Mfumu Yosaphethira inafa nkhondo isanayambe. Dzulo yamenya nkhondo. Zatheka bwanji? Amayi onse anasiya fodya kundiyang'ana. Ndinati, alamu, auzeni adada kuti anali awiri, bambo ndi mwana wake, dzina limodzi, koma wachiwiriyo ankaphethira mobisa.

Alamu asanatsegule pakamwa, kuseri kwa mpanda kunamveka kuwomba m'manja. "Nadi! Ndinadziwa ine!" Kenako chifuwa, khokho khokho, ngati si iwo. Apongozi aakazi, amene sankafunsa kanthu masiku onsewo, anangoti, "Mkulu wa mpingo," osakweza mutu.

Mwezi wa Juni ukuyamba, mng'ono wanga anaimba kuchokera ku Dowa. Ine foni ndinalibe, anaimbira pa ya alamu. Ndinapita nayo kuseri kwa khitchini, ndinalankhula Chichewa chothamanga kuti wina asamve. Anati amayi miyendo yatupa, sakuyendanso, akungofunsa mdzukulu amene sanamuonepo. Ndinabweza foni, ndinati anangondipatsa moni.

Sindinauze munthu. Ndikanapempha bwanji? Ndikati ndikufuna kupita kwathu, akanati pita bwino mkamwana, mwana umusiye, ndipo mawu amenewo akangonenedwa kamodzi sabwereranso m'kamwa. Kusiya mwana sindikanatha. Kusiya amayi afe osawaona sindikanathanso. Ndinkangoyenda ngati nkhuku yofuna poikira, ndikuwerenga nkhope za anthu.

Ndiye tsiku lina m'nkhani munalowa mkazi wa kwa Anthu a Mchere, wokwatiwa kwa oweta mitambo. Mwamuna wake anatsatira mtambo wosochera kumwera, osabwerako. Kunamveka kuti nyumba ya amayi ake ikusungunuka, denga latsala pang'ono. Mkaziyo anadzuka mamawa, anabereka mwana, anatsika phiri osatsanzika munthu. Ndikulumbira, Mulungu akundiona, ine sindinadziwe kuti ndikunena za yani. Ndinkaona ngati yangobwera, ngati akhwangwala aja. Ndinadabwa kuti palibe akufunsa funso. Apongozi aakazi anayang'ana mwana, anayang'ana mapazi anga. Jeke sanalirenso tsiku limenelo.

Potuluka alamu anandigunda ndi chigongono. "Mlamu, ku Mchereko basi yake amakwerera pa Mponela?"

Ndinati mwadziwa bwanji? Anati foni yawo imalankhula ngati wailesi, ndipo Chichewa chothamanga iwo anachiphunzira kumsika ine ndisanamere mano. Mudzi wonse unkadziwa za miyendo ya amayi anga. Ankangodikira kuti ndinene.

M'mawa pepala linabwera. Funso limodzi, lodulidwa mzere wofiira kunsi: Munanena kuti kumeneko amalowola ndi mitambo. Ngati mitambo inaperekedwa, mwanayo ndi wa yani?

Ndinaliwerenga nditaimirira. Ndikati ndi wa mayi ake, ndaputa nkhondo ndi mudzi wonse, ine ndekha, wa Sitandade 6. Ndikati ndi wa bambo ake n'kulekera pomwepo, ndapereka mwana ndi pakamwa panga, ndipo zilembedwa m'kope. Ndinayang'ana pansi pa mpanda. Nsapato zinalipo. Ndinakhala pansi, ndinakoka mwana, ndinamuika pakati pa miyendo, iye n'kumalimbana kuti achoke.

"Yankha," alamu anatero. "Fodya akuuma."

Ndinati, "Alamu, auzeni adada kuti mwana ndi wa kwa oweta mitambo. Palibe akukana." Mawu ankatuluka ang'onoang'ono. Ndinapitiriza, osapuma, poopa kuti ndikapuma sindiyambanso. "Koma auzeninso kuti mitambo ili ngati ng'ombe, imatsata mchere. Mwana wobadwa kwa mkazi wa Mchere ayenera kupita kukanyambita khoma la agogo ake akuchikazi nyumba isanasungunuke, mcherewo ulowe m'dzanja lake. Akapanda kutero, akadzakula mitambo ya bambo ake siidzamudziwa, adzaiitana idzangoyang'ana kumbali, khola lonse lidzabalalika."

Wa mano awiri anati, "Izo n'zoona. Ng'ombe ndi mchere."

Alamu sanabwereze. Sanafunikire. Kuseri kunamveka masamba a kope akutembenuzidwa, limodzi, lina, kubwerera m'mbuyo.

"Mufunse," apongozi anatero kwa mwana wawo, "lamulo limeneli linayamba pa ufumu wa yani? M'buku mulibe."

"Wa Yosaphethira wachiwiri," ndinatero kwa alamu. "Nkhondo itangotha. Ndilo linathetsa nkhondo."

"Hmm. Wophethira mobisa uja. Zikumveka." Bolopeni inakanda pepala. "Mufunsenso. Kutsika phiri mamawa osatsanzika, nalonso ndi lamulo?"

"Ayi. Ameneyo anali ndi mantha."

"Anapempha, n'kumukaniza?"

"Sanapemphe. Kumeneko mkamwana salankhula ndi apongozi ake."

Chigafa chonse chinaphulika. Wina anagwa chagada pamulu wa fodya. Ine sindinaseke.

"Alibe alamu ake mkazi ameneyo?"

"Ali nawo, adada," alamu anayankha okha. "Okongola chomene. Anzeru. Mudzi wonse umawasirira."

"Zimenezo sindilemba. Mufunse, ulendo wa ku Mchere, kupita ndi kubwera, ndi masiku angati?"

Ndinati mwezi.

"Yayi. Mapu akukana. Mapu akuti masabata awiri."

Ndinati mapuwo mtsinje anaukonza, koma sanaikemo matope, njira ya kumeneko ndi yoipa.

"Matope m'dziko lopanda mvula?"

Apa ndi pamene apongozi aakazi anamanga kamtolo kawo ka fodya, anakaika pambali, anati, "Masabata atatu. Mwana ngwamng'ono, mayi wodwala saonedwa mothamanga." Sananene za mitambo iwo. Anangonena choncho.

Kenako mawu a kuseri anabwera otsika, opanda uphunzitsi.

"Mufunse ngati amabwerako."

Alamu anandiyang'ana, nthabwala zitachoka pankhope. Ndipo ine ndinene zoona pano, poti ndikulemba ndekha: mpaka nthawi imeneyo sindinkadziwa. Masiku onse aja m'mutu mwanga ulendo unkathera pa Dowa, kutsogolo kwake kunalibe kanthu. Ndinayang'ana nsapato zija. Ndinaganiza za munthu wokalamba amene mwana wake wamwamuna anapita kumwera foni n'kusiya kugwira, ndipo chimene anatsala nacho ndi kamtsikana aka kotafuna fodya. Ine ndinkaopa pikapu. Sindinaganizepo kuti kuseri kwa mpanda nakonso akuopa pikapu yomweyo.

"Amabwerako," ndinatero. Sindinanene kwa alamu. Ndinanena kumpanda.

Palibe anandidzudzula. Ndinamva bolopeni ikulemba, pang'onopang'ono, mawu aatali kuposa amene ndinanena.

Tinanyamuka Lolemba. Apongozi aakazi anandimangira nyemba ndi mtedza za amayi, alamu anandibwereka foni yawo yakale, anati ndikaitaya ndisabwere. Kumsewu ndi kamtunda ndithu. Apongozi aamuna anatuluka atavala jekete ya Lamulungu, ananyamula mwana, anamukweza pamapewa, n'kuyamba kuyenda. Ine kumbuyo, kutali monga mwa mwambo, katundu pamutu. Mwana atawagwira makutu, akuwafunsa chifukwa chake mutu wawo ulibe tsitsi pakati. Ine maso pamsana wa jekete. Panjira pali mphambano, ina yopita kumsewu, ina kutchalitchi ndi kwa abale awo, ndipo pamene ankayandikira pamenepo ndinati akakhotera uko ndiponya nyembazi ndithamange, mwambo udzandipeza m'tsogolo. Sanakhote. Anangosuntha mwana paphewa lina.

Pikapu inabwera yodzaza matumba a chimanga, anthu pamwamba. Ndinakwera, ndinakhala pathumba, manja ali m'mwamba kale. Koma apongozi sangapatse mkamwana chinthu m'manja. Anayang'anayang'ana, anasankha mayi wina wachilendo wovala duku lobiriwira, anamupatsa mwanayo, anati, "Amama, mupatsireko mayi wake uyo." Mayiyo anamulandira, anayamba kumusekerera, kumufunsa dzina, kumukonza kolala, ine manja ali m'mwambabe, galimoto ikuyamba kuyenda. Pamene anandipatsa ndinamukumbatira mwamphamvu mpaka analira.

"Mayi, pang'onopang'ono," wa duku uja anatero. "Mwana ngwanu, palibe akukulandani."

Ndinati yewo. Koma sindinamasule manja mpaka tinadutsa Bolero.